Kaumitsidwe ka chamba cha mankhwala ndi kachotsedwe ka mafuta ake: malangizo kwa alimi a ziphaso ku Zomba

Alimi ambiri amene anatenga chiphaso cholimira chamba cha mankhwala sakuvutika ndi kalimidwe. Mavuto awo amayamba tsiku lokolola. Mbewu imene yadya ndalama ndi thukuta la miyezi yambiri imatha kuonongeka sabata imodzi yokha: ina imachita chuku ili pachingwe, ina imauma mothamanga n'kumangofumbutuka m'manja, ina imafika kwa wogula ikununkha utsi wa kukhitchini. Wogula akatapako pang'ono n'kutumiza ku labotale, katundu yense amabwezedwa.

Kuno ku Zomba chimene chimatipusitsa ndi chizolowezi cha fodya. Munthu wa ku Thondwe kapena ku Mayaka anakulira m'chigafa, ndiye akamva zoumitsa mbewu amathamangira mikangala. Koma fodya wa burley amagulidwa poona tsamba ndi kulikhudza, pamene chamba cha mankhwala chimagulidwa potengera zimene makina a mu labotale apeza. Chimene wogula akufuna ndi utomoni umene uli m'timadontho tating'onoting'ono ta pa maluwa, totchedwa ma trichome. M'menemo ndi mmene muli mankhwala otchedwa CBD ndi THC (THC ndi imene imaledzeretsa), komanso mafuta onunkhira otchedwa ma terpene. Dzuwa, kutentha, chinyezi ndi manja osasamala, zonsezi zimaononga timadontho timeneti.

Malangizowa ndi a anthu ndi magulu amene ali ndi chiphaso cha Cannabis Regulatory Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la Cannabis Regulation Act la mu 2020. Chiphaso cholimira n'chosiyana ndi chiphaso chokonzera mafuta, choncho werengani bwino zimene chanu chikukulolani. Wopezeka ndi chamba opanda chiphaso ali ndi mlandu mpaka lero.

Zofunika kukhala nazo musanadule ngakhale nthambi imodzi

- Chipinda cha njerwa chotchingika, cha simenti pansi, chokhala ndi siling'i komanso loko
- Hygrometer, kachipangizo koonetsa chinyezi ndi kutentha kwa mpweya. Gulani tiwiri kapena titatu
- Galasi lokulitsa zinthu ka 30 kapena kuposera apo
- Sikelo ya manambala yoyeza magalamu
- Masizasi akuthwa, magolovesi, zovala kumutu ndi zophimba pakamwa
- Waya wosachita dzimbiri kapena zingwe za nayiloni zatsopano
- Mathandala a neti, oyanikapo maluwa othothoka
- Fani, ndiponso dehumidifier, makina ochotsa chinyezi mu mpweya, ngati thumba likulola
- Mabotolo agalasi otseka bwino kapena ndowa zatsopano za pulasitiki yosungiramo chakudya
- Kope lolembamo ndi timapepala tomata pa katundu

Pa zonsezi, chimene simuyenera kuumira nacho ndi hygrometer. Khungu la munthu silingasiyanitse chinyezi cha 58 peresenti ndi cha 72, koma chuku chimasiyanitsa.

Kukonza chipinda ndi kukolola

1. Yesani hygrometer yanu ngati ikunena zoona. Tambiri totchipa timaphonya. Thirani mchere wa patebulo m'kachivindikiro ka botolo, dontheteraniko madzi pang'ono kuti mcherewo ungonyowa osasungunuka, ikani kachivindikiroko pamodzi ndi hygrometer m'botolo lalikulu n'kutseka. Mawa lake iyenera kuonetsa 75 peresenti. Ikaonetsa 70, ndiye kuti nthawi zonse muzionjezera 5 pa zimene ikukuuzani. Lembani zimenezi kumbuyo kwake.

2. Tsukani chipinda kutatsala masiku angapo. Sesani akangaude kudenga, kolopani ndi madzi a klorini, siyani chiume. Mazenera muwatchinge ndi nsalu yakuda kuti kuwala kusalowe, koma musiye malo olowera ndi otulukira mpweya, ndipo malowo muikemo neti yotchinga tizilombo. Chenjezo: chipinda chimene munasungiramo fodya, feteleza, petulo kapena chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe musachigwiritse ntchito. Utomoni umakoka fungo ndi fumbi lililonse, ndipo labotale imazipeza.

Denga la malata lopanda siling'i limatentha masana n'kumadontha thukuta m'bandakucha. La udzu ndi lozizira bwino, koma limagwetsa zinyalala ndi tizilombo. Lililonse mwa awiriwa likufunika siling'i, ngakhale ya pulasitiki yokhuthala yokokedwa bwino.

3. Onani ndi galasi ngati maluwa akhwima. Musadalire kalendala yokha. Yang'anani timadontho ta pa duwa lenileni, osati ta pa timasamba ta m'mbali. Tikakhala toonekera ngati madzi, sanakhwime. Tambiri tikayera mwa mkaka, nthawi yakwana. Tambiri tikafiirira, mwachedwa, mphamvu yayamba kutsika. Amene mukulima hemp (chamba cha THC yochepa) ya CBD, kumbukirani kuti lamulo lathu limaika malire a THC pa 1 peresenti, ndipo THC imakwera mbewu ikamakhwima. Tumizani zoyesa ku labotale mbewu idakali m'munda, mungadzakolole katundu wodutsa malire a chiphaso chanu.

4. Dulani mame atauma, dzuwa lisanakwere kwambiri. Musakolole kukuwaza mvula kapena tsiku la chiperoni. Dulani nthambi zotalika ngati mkono, muziike m'mabasiketi oyera, osati pansi ayi, ndipo zisapanikizane. Nthambi zaziwisi zikaunjikana zimayamba kutentha pakati pasanathe maola ambiri. Dulani zokwana zimene mungapachike tsiku lomwelo.

Pomwepo yang'anani matenda. Tsegulani pang'ono mitu ikuluikulu ndi chala. Mukapeza m'kati mwabulauni kapena muli tiubweya totuwa, ameneyo ndi Botrytis, matenda oola maluwa. Mutu umenewo chotsani wonse, muuike m'jumbo, mutuluke nawo kunja, musinthe magolovesi ndi kupukuta sizasi. Musayese kupulumutsa mbali imene ikuoneka yabwino.

Kuumitsa

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Duwa laliwisi lili ndi madzi pakati pa 75 ndi 80 peresenti. Cholinga ndi kuwatsitsa kufika pa 10 mpaka 12 peresenti, pang'onopang'ono, m'masiku 7 mpaka 14, mumdima. Mukathamangitsa, kunja kumauma m'kati muli madzi, fungo labwino n'kuuluka. Mukachedwetsa, chuku chimalowa.

5. Thotholani masamba akuluakulu n'kupachika nthambi chozondotsa. Masamba aja a zala alibe utomoni wambiri ndipo amangoonjezera chinyezi m'chipinda. Pakati pa nthambi ndi nthambi siyani mpata woti dzanja lidutse osakhudza. Musasoke nthambi m'magulu monga muchitira ndi fodya. Gwirani patsinde, chifukwa chala chilichonse chimene chakhudza duwa chimachoka ndi utomoni. Mzere uliwonse ukhale ndi kapepala kolemba mtundu wa mbewu, munda umene yachokera ndi tsiku lodula.

6. Sungani kutentha pakati pa madigiri 15 ndi 21, chinyezi pakati pa 55 ndi 60 peresenti. Ikani hygrometer imodzi pakati pa nthambi, ina pakona imene mpweya sufikako bwino. Werengani m'mawa, masana ndi usiku, n'kulemba m'kope. Masiku awiri kapena atatu oyamba chinyezi chimakwera kwambiri chifukwa madzi ambiri amatuluka nthawi imeneyo, ndiye ndi masiku osachoka pakhomo.

Fani iziyendetsa mpweya m'chipinda, osati kuomba maluwa. Ilozetseni kukhoma kapena pansi. Nthambi zikamagwedezeka, mphepo yachuluka.

7. Sinthani kachitidwe malinga ndi nyengo ndi dera lanu. Boma la Zomba silofanana konse. Amene ali m'munsi mwa phiri, cha ku Domasi ndi Malosa, amakumana ndi nkhungu ndi mame ambiri kuposa anzawo a kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, kumene vuto lalikulu ndi kutentha.

Amene amadzala ndi mvula amakolola mvula ikamatha, kulowa m'miyezi yozizira. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi n'kwabwino kwambiri pa ntchitoyi, moti anthu a m'maiko ena amalipira magetsi ambiri kuti apeze kuzizira kumene ife timakupeza kwaulere. Choopsa ndi chiperoni. Kakamabwera kamphepo konyowa kaja kochokera kum'mwera chakum'mawa, phiri n'kubisika, mvula yowaza n'kumagwa masiku angapo, chinyezi cha panja chimakwera zedi. Masiku oterowo tsekani malo olowera mpweya, yatsani dehumidifier, fani isazime. Ngati mulibe dehumidifier, chepetsani katundu m'chipinda: gawani nthambi m'zipinda ziwiri, dulani mitu ikuluikulu kuti ikhale ing'onoing'ono, ndipo muiyale pa neti osasanjikiza. Kukacha bwino, tsegulani mpweya masana okha, kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 3 koloko, usiku tsekani.

Chenjezo lalikulu: musalowetse mbaula m'chipinda kuti muthamangitse chinyezi. Utsi wa makala umamatirira pa utomoni, kutentha kumaulutsa ma terpene, komanso mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha munthu. Ndikudziwa kuti munthu ukaona nkhungu yakuta mudzi wonse katundu ali pachingwe, mtima umakuuza kuti uchitepo kanthu. Chochita chake ndi kupatula nthambi ndi kuyendetsa mpweya. Ganiziraninso za magetsi musanakolole: akazima usiku wa chiperoni, fani ya sola kapena ya batire ndi imene ingakupulumutseni. Jenereta ikhale panja, kutali ndi polowera mpweya.

Amene amathirira n'kukolola mu Seputembala kapena Okutobala ali ndi vuto lotembenuka. Mpweya umakhala wouma ndi wotentha, maluwa amatha kuuma masiku atatu okha. Pamenepo pachikani mtengo wathunthu osaudula nthambi, siyani masamba ena kuti achedwetse kuuma, tsekani chipinda masana n'kutsegula usiku. Beseni la madzi oyera pansi limathandizako kukweza chinyezi, koma muziyang'ana hygrometer.

8. Tsatirani kaumidwe ndi sikelo. Tsiku loyamba tengani maluwa okwana magalamu 1,000 opanda mitengo yake, muwayale pa neti yawoyawo m'chipinda chomwecho, ndipo muziwayeza tsiku lililonse nthawi imodzimodzi. Masamu ake ndi awa: ngati madzi anali 78 peresenti, ndiye kuti chouma chenicheni ndi magalamu 220. Pa chinyezi cha 11 peresenti, maluwawo adzalemera pafupifupi magalamu 247. Choncho sikelo ikamayandikira 250, ndipo kulemera kukusintha pang'ono chabe tsiku ndi tsiku, mwafika. Maluwa a paneti amauma msanga pang'ono kuposa opachika ndi mitengo yake, ndiye onjezerani njira yachiwiri: pindani kanthambi kakang'ono. Kakathyoka n'kumveka kuti thyo, kauma. Kakangopindika n'kusenda khungu, dikirani. Musadikire kuti tsinde lalikulu lithyoke, pofika pamenepo maluwa amakhala atauma mopitirira.

Masamu omwewa akuthandizeninso pa za ndalama. Makilogalamu 100 a maluwa aawisi amatsala pafupifupi 25. Wina akamawerengera phindu ndi kulemera kwa tsiku lokolola, muuzeni agawe kanayi.

Kukhwimitsa m'mabotolo

9. Chotsani maluwa pa mitengo n'kumeta timasamba totsala. Chitirani pa tebulo loyera, mutavala magolovesi. Timasamba ta m'mbali mwa duwa timene tili ndi utomoni musataye, sungani patokha chifukwa okonza mafuta amatigwiritsa ntchito. Funsani wogula musanayambe kumeta: ngati akugula kuti akachotse mafuta, mwina safuna kumeta kwa luso, ndipo mungapulumutse ndalama za aganyu.

10. Ikani m'mabotolo kapena m'ndowa, osadzaza. Siyani gawo limodzi mwa magawo anayi lopanda kanthu. Ikanimo hygrometer, tsekani, sungani pamdima pozizira. Chimene chimachitika n'chakuti madzi otsalira m'kati mwa duwa amatuluka n'kufalikira mofanana. Pakatha tsiku, werengani. Pakati pa 58 ndi 62 peresenti zili bwino. Pa 65 kupita m'mwamba, tsegulani kwa maola angapo. Pa 70, khuthulani mubwezere pa neti.

Sabata yoyamba tsegulani tsiku lililonse kwa mphindi zochepa, mukugwedeza pang'ono kuti maluwa asamatane. Kenako kawiri pa sabata n'kokwana. Masabata awiri mpaka anayi amakwanira. Mukatsegula n'kumva fungo loswa mphuno ngati la mkodzo, ameneyo ndi amoniya, kusonyeza kuti munatsekera maluwa adakali aawisi ndipo tizilombo tayamba kuwaoletsa.

Njira yakale ija yokulunga chamba m'makoko a nthochi kapena a chimanga, n'kumanga zolimba kuti chivundike, ilibe malo pa chamba cha mankhwala. Imadalira chinyezi ndi kufunda, zomwenso chuku chimakonda. Chuku cha mtundu wa Aspergillus, chomwe chija chimabweretsa poizoni wa aflatoxin mu mtedza ndi chimanga, chimameranso pa chamba, ndipo n'choopsa kwambiri kwa wodwala amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika. Odwala oterowo ndi ena mwa amene mankhwalawa akupangidwira.

11. Tumizani zoyesa ku labotale imene wogula ndi boma amaivomereza. Tapani m'malo osiyanasiyana, pamwamba, pakati ndi pansi pa ndowa zingapo, osati kusankha mitu yokongola yokha. Amayeza kuchuluka kwa CBD ndi THC, chinyezi, chuku ndi mabakiteriya, zotsalira za mankhwala ophera tizilombo, ndi zitsulo zoopsa monga lead ndi cadmium, zimene chamba chimakoka mosavuta kuchokera m'dothi. Pa pepala la zotsatira mudzaonanso muyeso wotchedwa water activity, wosonyeza madzi a m'duwa amene chuku chingagwiritse ntchito. Woyenera ndi pakati pa 0.55 ndi 0.65.

Kwa alimi ambiri ntchito imathera apa. Kugulitsa maluwa ouma bwino okhala ndi pepala la labotale n'kwanzeru kuposa kuthamangira makina amene simungawakwanitse.

Kuchotsa mafuta

Gawo ili ndi la amene ali ndi chiphaso chokonzera mafuta ndiponso malo omangidwira ntchitoyi. Mlimi wamba aliwerengebe, kuti amvetse chifukwa chake wogula amavuta. CBD ndi THC sizisungunuka m'madzi, zimasungunuka mu ethanol, m'mafuta ndi mu carbon dioxide wopanikizidwa. Makina sachulukitsa mankhwala. Ngati maluwa ali ndi CBD ya 10 peresenti, kilogalamu imodzi ili ndi magalamu 100 a CBD basi, ndipo ina imatsalira m'zotsalira. Chimene makina amachita ndi kusonkhanitsa, ndipo amasonkhanitsa zabwino ndi zoipa zomwe. Mankhwala opopera amene anali ochepa pa duwa amachuluka kwambiri m'mafuta.

Makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito carbon dioxide. Mpweyawu ukatenthedwa kupitirira madigiri 31 n'kupanikizidwa kupitirira mabaa 74 (baa ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), umalowa m'maluwa n'kusungunula utomoni, kenako umauluka osasiya kanthu. Njirayi ndi yaukhondo koma makina ake ndi okwera mtengo ndipo amafuna katswiri. Imene fakitale yaing'ono ingakwanitse ndi ya ethanol wozizira, ndipo ndi imene ndifotokoze.

Zofunika: ethanol wa giredi ya zakudya kapena ya mankhwala, wa 95 peresenti kupita m'mwamba, firiji yozizira kufika madigiri 20 pansi pa ziro, ziwiya za chitsulo chosachita dzimbiri kapena zagalasi, sefa ndi mapepala osefera, uvuni ya magetsi yokhala ndi choyezera kutentha, makina oulutsira ethanol otchedwa rotary evaporator, chozimitsira moto, ndi chipinda chotulutsa mpweya bwino, chopanda moto kapena masuwichi othetheka.

12. Sankhani ethanol woyenera. Dziko lathu limapanga ethanol kuchokera ku nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, koma si ethanol aliyense amene angalowe m'mankhwala. Wosakaniza ndi petulo ayi. Sipiriti wa m'golosale uja wa pepo ayi, chifukwa amathiramo zinthu zoti asamweke, monga methanol amene amachititsa khungu ndi kupha. Kachasu ayi, ali ndi madzi ambiri ndipo palibe angakuuzeni zina zimene zilimo. Funsani pepala losonyeza giredi yake pogula.

13. Phwanyani maluwa kukhala tizidutswa ta mamilimita 2 mpaka 5. Musapere kukhala ufa. Ufa umatseka sefa ndipo umatulutsa zobiriwira zambiri.

14. Tenthetsani maluwa ngati oda ikufuna CBD kapena THC yokonzeka. Mu duwa louma mankhwalawa amakhala ngati CBDA ndi THCA, ndipo amasintha kukhala CBD ndi THC akatenthedwa. Yalani mopyapyala pa thireyi, phimbani, ikani mu uvuni pa madigiri 110 mpaka 120 kwa mphindi 40 mpaka 60. CBDA imachedwerapo kusintha kuposa THCA, choncho maluwa a CBD amafuna nthawi yotalikirapo. Chenjezo: nambala ya pa chitseko cha uvuni imanama kawirikawiri. Ikani choyezera chanu m'kati. Mukapsereza, THC imaonongeka ndipo fungo lonse limatha. Mafakitale ena amatenthetsa mafuta atachotsedwa kale m'malo mwa maluwa, ndipo pali ogula ena amene amafuna CBDA yosasintha. Funsani kaye.

15. Ziziritsani ethanol ndi maluwa, kenako sakanizani. Chilichonse chigone m'firiji pachokha usiku wonse, ethanol ali m'chiwiya chotseka kwambiri. Firijiyo ikhale yopangidwira zinthu zoyaka, chifukwa ya m'nyumba ili ndi masuwichi m'kati amene angayatse nthunzi. Thirani ethanol wokwanira kumiza maluwa, takasani mofatsa kwa mphindi zochepa, sefani msanga zisanafunde. Kuzizira n'kumene kumachititsa kuti ethanol atenge utomoni n'kusiya zobiriwira za m'masamba ndi phula. Madzi osefedwawo azioneka achikasu mwa golide. Akatuluka obiriwira kwambiri, mwina ethanol anafunda kapena munaviika nthawi yaitali, ndipo mafuta ake adzakhala akuda ndi owawa.

16. Chotsani phula. Bwezerani madziwo m'firiji kwa maola 24 mpaka 48. Phula ndi mafuta olimba zimaundana n'kuoneka ngati timitambo. Sefani ndi pepala zidakali zozizira. Mukazengereza, phulalo limasungunukanso n'kudutsa pa pepala.

17. Ulutsani ethanol. Iyi ndi sitepe imene imavulaza anthu. Ethanol amawira pa madigiri 78, koma nthunzi yake imatha kugwira moto ngakhale pa madigiri 13, ndipo ndi yolemera kuposa mpweya, ndiye imayenda chapansi kukapeza moto umene uli chapatali. Rotary evaporator imachotsa mpweya m'botolo kuti ethanol awire pa madigiri 40 mpaka 50, n'kumusonkhanitsa kuti mudzamugwiritsenso ntchito. Pa mbaula, pa gasi kapena pa mafuwa musayerekeze. Chotsala m'botolo ndi mafuta olimba, omata, a mtundu wa uchi. Ethanol wotsalira m'mafutawo asapitirire 0.5 peresenti, ndipo ndi labotale yokha imene ingatsimikize.

18. Yezetsaninso, kenako sungunulani. Mafuta oterewa ndi amphamvu kwambiri, sapatsidwa kwa munthu momwemo. Amasakanizidwa ndi mafuta a kokonati kapena a olivi mwa muyeso. Mwachitsanzo, magalamu 10 a mafuta amene labotale yati ali ndi CBD ya 60 peresenti ali ndi mamiligalamu 6,000 a CBD. Ngati oda ikufuna mamiligalamu 50 pa mililita imodzi, onjezerani mafuta osungunulira mpaka zonse pamodzi zikwane mamililita 120. Popanda pepala la labotale masamuwa sangatheke, ndipo botolo lililonse lidzakhala ndi mphamvu yakeyake. Thirani m'mabotolo agalasi akuda, lembani nambala ya batchi ndi tsiku, sungani pozizira. Kugulitsa mafutawa ngati mankhwala ochizira anthu kumafunanso chilolezo cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo mulingo woti wodwala amwe amanena ndi dokotala, osati wopanga. CBD imasokoneza kagwiridwe ntchito ka mankhwala ena m'thupi, kuphatikizapo ena a khunyu ndi ochepetsa kuundana kwa magazi.

Za njira ya gasi wa butane imene imaoneka m'mavidiyo a pa intaneti, musaiyese n'komwe. Yaphulitsa nyumba ndi kuotcha anthu m'maiko ambiri.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuyanika padzuwa. Ichi ndi choyamba, chifukwa chimanga, mtedza ndi nandolo zonse timayanika pa lona pabwalo. Dzuwa ndi kutentha zimaononga THC ndi kuulutsa fungo, fumbi ndi nkhuku n'kumalizitsa.

Kupachika m'chigafa chotseguka. Usiku mame amalowa, masana kuwala kumalowa, ndipo fumbi la fodya wa chaka chatha likadali m'mitengo. Chitetezo palibenso, pamene mwini chiphaso ayenera kudziwa kumene kilogalamu iliyonse yapita.

Kulongeza m'matumba a feteleza kapena m'majumbo akuda. Thumba la feteleza ngakhale mulichape limasiya zotsalira. Jumbo imachititsa thukuta maluwa akakhala kuti sanaumitsitse.

Kuwaza madzi kuti katundu afewe kapena alemere. Pa fodya ena amatero asanapane. Pa chamba ndi njira yachidule yoitanira chuku, ndipo chinyezi n'chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene wogula amayeza.

Kupopera mankhwala maluwa atayamba. Kachilombo kakavuta, munthu amatenga mankhwala otsala a fodya kapena a tomato. Amatsalira mu utomoni ndipo kuumitsa sikuwachotsa. Musanapopere chilichonse funsani wogula mndandanda wa zimene amalola.

Kusakaniza zokolola za masiku osiyana m'chipinda chimodzi. Nthambi zatsopano zimabwezera chinyezi ku zimene zinatsala pang'ono kuuma. Ngati chipinda n'chimodzi, dzazani tsiku limodzi kapena awiri, kenako tsekani mpaka zonse zitatsika.

Kupukuta chuku n'kupitiriza. Chooneka pamwamba ndi gawo laling'ono chabe, timizu take tinalowa kale m'kati. Ethanol ndi uvuni sizichotsa poizoni wa aflatoxin. Katundu wochita chuku amalembedwa m'kope n'kuonongedwa motsata malamulo a chiphaso chanu.

Kusalemba. Ogula a kunja amafuna kutsata botolo lililonse kubwerera ku munda umene linachokera, motsatira malangizo a kalimidwe ndi kakololedwe kabwino ka zomera za mankhwala amene World Health Organization inatulutsa mu 2003. Tsiku lodula, kulemera kwake zili zaziwisi ndi zitauma, chinyezi cha tsiku lililonse, amene anagwira ntchito, zonsezi zilembedwe tsiku lomwelo. Kope lodzazidwa usiku umodzi oyendera atatsala pang'ono kufika limaonekeratu, chifukwa inki ndi kalembedwe zimafanana kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.